Tsiku Limene Ndinadulidwa Mutu Chifukwa cha Mtedza

Ine amene ndatha zaka zambiri ndikupuma fumbi la choko, amene ndaona mabolodi akuda akusanduka otuwa, tsitsi langa lotsala likutsata njira yomweyo, ndiyenera kuvomera pamaso pa inu owerenga, monga avomerera munthu pabwalo mboni zake zikamthawa, kuti pa zonse za mbiri yakale zimene ndapatsidwa kuphunzitsa, palibe chimene chinkagoneka ana tulo tokoma ngati ulamuliro wa ku Ulaya umene Angerezi amautcha feudalism. Ndikangolemba mawu amenewa pa bolodi, mitu inkayamba kuwerama mzere ndi mzere ngati mapira okhwima, ndipo pofika pakati pa phunziro m'kalasi munkatsala maso awiri okha otsegula, ndiwo anga. Nawonso, masana otentha a mwezi wa Okutobala, ankachita kukakamizidwa.

Chonsecho nkhaniyo payokha si yogonetsa. M'chaka cha 1066 William wa ku Normandy anaoloka nyanja, nagonjetsa Harold pa nkhondo ya ku Hastings, navekedwa chisoti chaufumu ku Westminster pa tsiku la Khirisimasi. Ndipo atakhazikika anayesa nthaka yonse ya England kukhala yake, nadzisungira gawo, napatsa lina Mpingo, ndi lina nduna zake zazikulu, kuti iwo azimpatsa ankhondo okwera pa akavalo omtumikira masiku 40 pachaka. Ndunazo zinagawira ankhondowo midzi, ndipo pansi pa onsewa, kumene mulu wonse unatsamira, panali mlimi womangika ku nthaka, amene sankagulitsidwa pamsika ngati kapolo, komanso sankaloledwa kusamuka ngati mfulu, amene ankalima munda wa mbuye wake masiku awiri kapena atatu pa mlungu, ndi ena owonjezera nthawi yokolola, wake wa iye mwini ukudikira. Bishopu wina, Adalbero wa ku Laon, anaphunzitsa kuti Mulungu anagawa anthu patatu: opemphera, omenya nkhondo ndi ogwira ntchito, ndipo wowerenga wanzeru aona yekha kuti bishopuyo anadziika m'gulu liti. Zonsezi ndinkazinena chaka ndi chaka, ndi mawu okweza ndi manja omwe, koma pa mayeso mwana wina anandilembera, ndi dzanja lokongola ndithu, kuti Domesday anali mkazi wa William.

Ndipo kunali kuti tinaitanidwa ku msonkhano wa aphunzitsi, umene ndimaukumbukira makamaka chifukwa cha mabanzi ake, kumene mlangizi wina wachinyamata, amene ndikukhulupirira kuti sanaimepo pamaso pa ana 61 ola la chisanu ndi chiwiri, anatiuza kuti phunziro likalowera m'khutu limatulukira khutu linalo, koma likalowera m'manja limakhala. Anzanga anagwedeza mitu, nabwerera kwawo kukachita monga kale, chimene tsopano ndazindikira kuti ndi nzeru. Ine ndekha ndinabwerera mtima ukuyaka.

Usiku womwewo, akazi anga atagona, ndinalowa m'chipinda chosungira zinthu ndi koloboyi m'manja, ndi kuwerenga njere 960 za mtedza wokazinga wa Chalimbana m'dengu limene iwo anakonzera kukagulitsa pamsika Loweruka. Pano ndiyenera kufotokoza, pakuti zidzafunika kutsogoloku, kuti ine ndimakhala chikamwini, ndipo munda umene mtedzawo unachokera ndi wa apongozi anga, monganso nthaka imene nyumba yanga yaimapo, ndi mtengo wa mango umene ndimakhala pansi pake ndikafuna kudzimva kuti ndine mwini khomo. Sindinabe. Ndinabwereka osauza mwini wake, monga ankachitira mafumu a nthawi imene ndinkati ndikaphunzitseyo.

M'mawa mwake ndinaika timapepala m'chipewa changa kuti ana achite maere, chifukwa munthu wa nthawi imeneyo sankasankha pobadwira: kapepala kamodzi ka mfumu, 4 ta nduna, 8 ta ankhondo, ndi 48 ta alimi. Ufumu unagwera kamtsikana kena kakafupi ka mzere wa kutsogolo, ka zaka 14, kamene kwa zaka ziwiri sindinakamvepo kakulankhula mawu opitirira atatu. Undunanso wina unagwera mnyamata wovutitsa anzake amene dzina lake ladzaza buku la zilango. Ndipo mtsogoleri wa ophunzira, mnyamata wamtali, wanzeru, wonyadira tayi yake, anatola kapepala ka ulimi, nakayang'ana nthawi yaitali ngati munthu amene walandira uthenga wa maliro. Udindo umodzi wokha sindinauike m'chipewa. Ndinaona kuti ubishopu waukulu wa ku Canterbury, pamodzi ndi kusunga chuma cha Mpingo, ndi katundu wolemera wosayenera mapewa a mwana, choncho modzichepetsa ndinausenza ndekha, ndi kudzivalika chisoti chosongoka chimene ndinachisoka ndi pepala la thumba la simenti.

Mwambo wa kulumbira unakoma koposa. Monga zinkachitikira, nduna iliyonse inagwada yopanda chipewa ndi yopanda lupanga, niika manja ake pakati pa manja a mfumu, nilonjeza kukhala munthu wake. Ndipo kuona mnyamata wa m'buku la zilango uja atagwada pa simenti pamaso pa kamtsikana kovala chisoti cha katoni ya sopo kunandipatsa chimwemwe chimene ndodo yanga sinandipatsepo. Ankhondo analandira malupanga a mapesi, nagwadira nduna zawo. Ine ndinadzikhululukira kugwada chifukwa cha mawondo.

Pamenepo ndinagawira mlimi aliyense njere 20, ndi kunena kuti zimenezo ndizo zokolola zake za chaka. Koma asanaponye ngakhale imodzi m'kamwa, Mpingo unayenda mzere ndi mzere ndi mbale yake kutolera chakhumi, ndizo njere ziwiri pa munthu, zimene pamodzi zinakwana 96. Wankhondo aliyense analanda njere 10 kwa aliyense wa alimi ake asanu ndi mmodzi, nasunga 25, napereka 35 kwa nduna yake. Nduna inasunga 40, nipereka 30 kwa mfumu. Kotero kuti mfumu, imene sinadzuke pa mpando wake, inapezeka ndi mulu wa njere 120, pamene mlimi anatsala ndi 8 m'chikhatho. Taonani, m'kalasi munalibe wogona ndi mmodzi yemwe. Maso 96 a alimi anali tong'o, akuyang'ana mulu wa mfumu ndi mbale ya Mpingo mosinthanasinthana, ndipo ine ndinati mumtima mwanga: indetu mlangizi uja ndi mneneri.

Munthu wanzeru akanaleka pomwepo, nagawa mtedzawo mofanana, nalemba mfundo pa bolodi. Koma ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada: ine ndinalengeza kuti ufumuwo upitirira masiku atatu, ndipo usiku ndinabwerekanso m'dengu muja.

Tsiku lachiwiri ndinapeza kuti ana apita patsogolo kuposa mphunzitsi wawo. Mnyamata wa zilango uja, amene ndinkamuyesa wopanda mutu, anakumbukira kuti ndinanenapo kuti mlimi sankaloledwa kupera tirigu wake kwina koma ku mphero ya mbuye wake, ndi kusiyako gawo la ufa. Tsono iye, pokhala yekha ndi chosongolera pensulo m'kalasi monse, anatuma ankhondo ake kulanda malezala onse a alimi, nalamula kuti wofuna kusongola alipire njere imodzi. Ndinamuyamika pamaso pa onse, misozi ili m'maso, ndi kuwasimbira za mkulu wa amonke a ku St Albans, Richard wa ku Wallingford, amene cha m'ma 1331 analanda timiyala topererapo ta anthu a m'mudzimo, natiyala pansi m'chipinda cha nyumba ya amonkewo kuti atiponde. Pakamwa pa mphunzitsi sipadziwa polekezera: ndinawauzanso kuti patapita zaka 50 anthuwo anadzalowa, nagumula pansipo, nagawana zidutswa za miyalayo. Ndinaona mtsogoleri wa ophunzira akulemba mawu amenewa, ndipo ndinakondwera ndi khama lake.

Nduna ina inayamba kulipiritsa wofuna kusamukira pa desiki ina, monga mlimi ankalipirira mwana wake wamkazi akamakwatiwa. Koma wosinthika koposa anali mfumu. Kamtsikana kachete kaja kanali katapeza mawu, ndipo mawu ake oyamba anali ofuna kalembera. Kanati popeza William mu 1086 anatuma anthu ake kukalemba za midzi yoposa 13,000, makasu a ng'ombe, mphero, madambo ndi nkhalango zodyetsera nkhumba, kuti adziwe chimene aliyense anali nacho ndi chimene anayenera kupereka, nakonso kafuna buku lake la Domesday. Alembi anayenda desiki ndi desiki, ndipo zonse zinagwirizana bwino kufikira atafika pa mbale ya Mpingo, m'mene munayenera kukhala njere 192 za masiku awiri, koma munali 11.

Ndinafotokoza mwaulemu kuti chakhumi chinkagwira ntchito yokonzera nyumba ya Mulungu ndi kuthandiza osauka, ndi kuti zochita za Mpingo sizifunsidwa ndi anthu wamba. Mfumu inandiyang'ana kumaso, niyang'ananso tayi yanga, pamene timakoko tofiira ta mtedza tinali titamatirira kuyambira pa mfundo kufikira pamimba. Sinanene kanthu, koma inalemba china chake m'buku muja. Osauka amene anathandizidwa ndinali ine, pakuti mwezi unali utapita patali.

Tsiku lachitatu ndinabweretsa mliri. Ndinawauza za imfa yakuda imene inafika ku England mu 1348, nipha munthu mmodzi mwa atatu kapena kuposerapo, ndipo ndinatuma alimi 16 kukakhala pansi pa mtengo panja monga akufa. Ankhondo, amene tsopano sankafunikanso kuuzidwa, analanda cholembera chabwino koposa cha wakufa aliyense, monga mbuye ankatengera chiweto chabwino koposa cha mlimi womwalira; ndipo popeza Mpingo unkatenga chachiwiri chake, ine ndinatolera marula. Otsala 32 aja anazindikira msanga chimene anazindikira anzawo a nthawi imeneyo, kuti manja akachepa ntchito imakwera mtengo, nakana kusesa ndi kutunga madzi okolopera pokhapokha atalipidwa. Ine, monga phungu wa mfumu, ndinalangiza kuti titsate lamulo la 1351 limene linaletsa antchito kufuna malipiro oposa amene ankalandira mliri usanadze. Ndipo pofuna kubwezeretsa njere zija zinasowa m'mbale, ndinalangizanso msonkho wa mutu, wonga wa 1380, pamene aliyense woposa zaka 15 anayenera kupereka sheleni imodzi, katatu kuposa makobiri anayi a mu 1377. Ndinati njere zitatu pa mutu, wolemera ndi wosauka chimodzimodzi.

Pa nthawi yopuma ndinaona chozizwitsa chimene maso anga sanachionepo: ana oposa makumi atatu ataunjikana pa buku limodzi la mbiri yakale, akuwerenga mutu umene tinali tisanafikepo, mtsogoleri wawo akuloza ndi chala. Ndinaitana mphunzitsi mnzanga kuti adzaone zipatso za njira yatsopano. Iye anayang'ana anawo, nayang'ana chisoti changa cha simenti, nangoti chakudza sichiimba ng'oma, nabwerera ku tiyi wake.

Belu litalira analowa onse pamodzi, akufa aja ali patsogolo. Ndinatsutsa kuti kuuka kwa akufa n'kwa phunziro la Baibulo, limene limabwera Lachisanu, koma palibe anandimva. Ndinaitana ankhondo, iwo anayankha kuti masiku awo 40 atha, ndipo masaya awo ankaonetsa kuti wina wawadyetsa kale. Malezala analanditsidwa. Buku la ochedwa linaponyedwa m'ndowa ya madzi okolopera, pakuti anali atawerenga kuti anthu a Wat Tyler ndi John Ball, pa ulendo wawo wa ku London mu June 1381, ankatentha mabuku a misonkho ndi a milandu ya m'midzi; ndipo ndiyenera kuwayamika kuti anasankha madzi m'malo mwa moto. Mfumu inakumana nawo pakhomo la kalasi, monga Richard wachiwiri, nayenso wa zaka 14, anakumanira nawo ku Mile End, nivomera zonse zimene anapempha: ufulu wosamuka, kutha kwa msonkho, kusongola kwaulere. Pamenepo mtsogoleri wawo anagwada mwaulemu, nati: "Zikomo mfumu, koma tikufunanso amene anakulangizani zoipa."

Ine amene ndaphunzitsa zimenezi zaka zonsezi ndinayenera kukumbukira, tsiku lija ndinkasoka chisoti, kuti pa 14 June 1381 khamulo linalowa mu Tower of London, nilikoka Simon Sudbury, bishopu wamkulu wa ku Canterbury amene analinso nduna yaikulu ya boma, pamodzi ndi Robert Hales wosunga chuma, niliwadula mitu. Ndi kuti mutu wa Sudbury unapachikidwa pa mlatho wa London, ndipo chigaza chake chikusungidwa kufikira lero m'tchalitchi cha St Gregory m'tauni ya kwawo. Maudindo amene anaphetsa anthu awiri ine ndinali nditawasenza ndekha, mwa kufuna kwanga, popanda maere. Ndadziwa kale adamanga nyumba yopanda khomo.

Mfumu inatsegula buku lake, niwerenga mokweza kuti 192 kuchotsa 11, nitseka, niti: "Atengeni aphunzitsiwo."

Sanandikhudze thupi, pakuti ndi ana oleredwa bwino. Mmodzi anachita kuwomba m'manja ndi kupempha kuti ndiwerame pang'ono. Anandivula chisoti cha simenti, natenganso chipewa changa chenicheni, chimene kwa zaka zambiri chakhala chikusunga chinsinsi cha dazi langa, nazibaya pa phesi lalitali, nazungulira nazo bwalo la mpira akuimba, makalasi ena onse ali pa mawindo. Ndinafuulira mtsogoleri wawo kuti asaiwale kuti m'mawa mwake, pa 15 June, Wat Tyler anaphedwa ku Smithfield, ndi kuti mfumu inabweza malonjezo ake onse. Iye anayankha kuti: "Inde aphunzitsi, tawerenga, koma belu lilira 15 June isanafike."

Mlonda wa pasukulu, nkhalamba yochokera cha ku Chiradzulu, anali atatsamira pawindo masiku onse atatu, ndipo pamene ndinaima pakhonde ndikuphimba dazi ndi kaundula, anandiyandikira, nati: "Aphunzitsi, mwavutikiranji kukazitenga kutsidya kwa nyanja? Limeneli ndi thangata." Anati agogo ake ankalima m'minda ya azungu mwezi wa lendi ndi mwezi wa msonkho, ndipo miyeziyo inkatalika monga afunira mwini munda, kuti ku Magomero, mu Januwale 1915, anthu a John Chilembwe anadula mutu wa William Jervis Livingstone, woyang'anira minda ya A. L. Bruce, ndi kuti thangatalo linadzatha mu 1962, iye atabadwa kale. Ananena izi osaseka, ndipo kwa kanthawi nanenso sindinaone choseketsa. Kenaka anandifunsa ngati m'mbale muja mwatsalako kanthu.

Aphunzitsi aakulu anatuluka mu ofesi, nabalalitsa khamulo ndi mawu amodzi, nandimvetsera ndikufotokoza za njira yatsopano, nati tidzakambirana. Ndipo mulu wonse wa mfumu, pamodzi ndi wa nduna zinayi, anautengera ku ofesi monga umboni. Umboniwo sunaonekenso. Ana anaphunzirapo kuti pamwamba pa mfumu pamakhalanso wina, chimene ine sindinachiike m'dongosolo la phunziro.

Madzulo ndinapeza akazi anga atakhala pakhonde, dengu lili pakati pa miyendo yawo, apongozi ali pa mphasa, malume awo a akazi anga ali pa mpando wanga. Kalembera wa kunoko anali atachitika kale, ndipo sanasowe alembi. Ndinayamba ndi William, ndi kufika mpaka ku Canterbury, koma apongozi anandidula nati: "Bambo, ife za Wiliyamu wanuyo sitikuzidziwa, mtedza unali m'dengu, ndipo dengu silidya." Malume anakumbutsa bwalo kuti mkamwini asamakule mwendo, nagamula kuti ndidzalima m'munda wa apongozi masiku atatu pa mlungu kufikira mtedza wina utakumbidwa, ndi masiku owonjezera nthawi yokolola. Ndinazindikira chigamulocho liwu ndi liwu, pakuti ndinali nditachilemba pa bolodi Lolemba. Usiku ndinayesa kuuza akazi anga kuti m'matauni ena a ku Ulaya mlimi wothawa akakhalamo chaka ndi tsiku limodzi osagwidwa ankasanduka mfulu, ndi kuti Blantyre si kutali. Iwo anati: "Pitani bwino, bambo, koma njinga ija ndinagula ndine," natembenukira kukhoma.

Tsono ndimalima Lachiwiri, Lachinayi ndi Loweruka, kuyambira tambala wachiwiri kufikira nthawi yosamba, ndipo ana akamadutsa pamsewu popita kusukulu amaima, nagwira mawondo mwaulemu, nati: "Mwadzuka bwanji a Bishopu?" Pa mayeso a kumapeto kwa teremu palibe ndi mmodzi yemwe amene anaphonya funso la ulamuliro umenewu, zaka, misonkho, maudindo, zonse zinali m'malo mwake. Mwana uja anakwatitsa William kwa Domesday analemba masamba atatu osalakwa kanthu, kufikira pa funso lomaliza, lofunsa chifukwa chimene Simon Sudbury anaphedwera, pamene anayankha kuti anadya mtedza wa anthu osauka, makoko nakhala pa tayi. Ndinalingalira yankholo nthawi yaitali, matuza a khasu akundiwawa m'manja, ndipo ndinampatsa theka la malikisi.